Nyimbo za masiku ano zoti bambo ndi mwana amvere limodzi pa ulendo wakumudzi

Funso: "Ndine bambo wa zaka 52, ndimakhala ku Mufakose, mu Harare. Makolo anga anachokera ku Chiradzulu. Ndinakula ndi nyimbo za Alick Macheso ndi Lucius Banda, ndipo paunyamata ndinkamverako Tupac. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 16 sachotsa mahedifoni m'makutu, ndipo akaliza nyimbo zake pa foni ine ndimangomva phokoso. Mu Disembala tikupita kumudzi awiriwiri pa galimoto, kudzera ku Tete. Kodi mu hip-hop ndi pop ya masiku ano muli nyimbo zoti munthu wamkulu n'kumvera osatseka makutu? Ndiuzeni zoti ndiike pa fulashi."

Bambo, zilipo ndithu, ndipo mwandisangalatsa pofunsa m'malo mongolamula kuti m'galimoto yanu mulira sungura yokhayokha kuchokera pa Mufakose mpaka pa Mwanza. Kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, ndiye mukaphatikizapo mizere ya pa Nyamapanda ndi pa Zobue, limenelo ndi tsiku lathunthu muli awiriwiri. Mwayi wotero ndi mnyamata wa zaka 16 subwera kawirikawiri.

Ndiyambe ndi phokosolo, chifukwa simukunama. Ndakhala ndikuliza nyimbo pa maukwati ndi pa zinkhoswe muno mu Harare kwa zaka zoposa 20, ndipo dandaulo lanuli ndalimva kwa akuluakulu ambiri. Gwero lake nthawi zambiri ndi foniyo. Hip-hop ya masiku ano imakhazikika pa besi yakuya kwambiri yomwe anyamata amaitcha 808, dzina lochokera ku makina oimba ng'oma a Roland TR-808 omwe anatuluka mu 1980. M'nyimbo za trap ndi drill, zomwe ndi zamba za hip-hop, besi imeneyi ndiyo imasenza nyimbo yonse, monga momwe gitala ya besi ya Macheso imachitira mu sungura. Tsono kasipika ka pa foni sikatha kutulutsa mawu akuya chotero. Chomwe chimafika kwa inu muli pa mpando wanu pabalaza ndi ka tsi-tsi-tsi ka pamwamba ndi liwu la munthu wolankhula mothamanga. Tangoganizani Mundikumbuke ya Macheso atachotsamo besi, mungakhale nayo mphindi zingati? Mwana wanu m'mahedifoni mwakemo akudya ufa, inu kukufika madeya. Amapiano nawonso ndi chimodzimodzi: mtima wake ndi kugunda kuja amati log drum, komwe amakupanga pa kompyuta, ndipo pa foni kumangomveka ngati munthu akugogoda chitini.

Choncho nyimbo iliyonse yomwe nditchule pano mukaimvere m'galimoto, mawindo otseka, besi muike pakatikati, ndipo muimve katatu musanaigamule. Koyamba khutu limakana chachilendo, kachiwiri limayamba kutola mawu, kachitatu ndi pomwe mumadziwa ngati ili yanu. Inenso ndimatero ndisanaike nyimbo yatsopano pa ukwati wa eni ake.

Kwa munthu amene anakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, khomo losavuta kulowera ndi nyimbo zomwe zabereka kachidutswa ka nyimbo yakale kumsana. Yambani ndi Luther ya Kendrick Lamar ndi SZA, ya mu chimbale cha GNX chomwe chinatuluka mu Novembala 2024. Ikangoyamba mumva liwu lomwe mukulidziwa, la Luther Vandross, kuchokera mu If This World Were Mine yomwe anaimba ndi Cheryl Lynn mu 1982, ndipo nayonso inali yobwereza ya Marvin Gaye ndi Tammi Terrell ya mu 1967. Mibadwo itatu m'nyimbo imodzi ya mphindi zitatu. Kendrick mmenemo sakuthamanga konse, akungoimba motsitsa pambali pa SZA, ndipo nyimboyi inakhala masabata 13 pa nambala wani pa ndandanda wa Billboard Hot 100 mu 2025. Poti munkamvera Tupac, dziwani kuti Kendrick ndi wa ku Compton, ndipo ali ndi zaka 8 anaonerera ndi maso ake Tupac ndi Dr. Dre akujambula kanema wa California Love kwawoko. Mu 2018 anakhala woimba rap woyamba kulandira mphoto ya Pulitzer. Mukamuuza mwana wanu nkhani ya kanemayo, muona mmene akutembenukireni.

Iye mwina afuna kuika Not Like Us, ya Kendrick yemweyo, yomwe inatenga mphoto zisanu za Grammy mu Febuluwale 2025. Ng'oma yake ndi yogwira, sindikana. Koma ndi nyimbo ya mkangano wake ndi Drake, ndipo muli zonenerana zolemera zomwe bambo ndi mwana sangamvere limodzi osayang'ana kumbali. Ine ndingailumphe. Nkhondo za oimba zimatentha chaka chimodzi kenako n'kuzizira, inunso munaona kale komwe mkangano wa Tupac ndi Biggie unathera.

Nyimbo yomwe ndikufunitsitsa kuti muimve inuyo panokha, ngakhale musanakwere galimoto, ndi The Birds Don't Sing ya gulu la Clipse. Awa ndi pachibale, Pusha T ndi mkulu wake Malice, a ku Virginia. Malice anabadwa mu 1972, ndiye kuti ndi wa msinkhu wanu. Anasiya gululi kwa zaka zambiri chifukwa cha chikhulupiriro chake, ndipo chimbale cha Let God Sort Em Out cha mu Julayi 2025, chomwe anawakonzera Pharrell Williams, chinali choyamba kutulutsa awiriwa limodzi chichokereni 2009. Mayi awo anamwalira mu Novembala 2021, bambo awo n'kutsatira patangopita miyezi inayi. M'nyimboyi wamng'ono akulankhula za mayi, wamkulu za bambo, John Legend akuimba kolasi. Palibe kudzitama, palibe kuwerenga ndalama. Ndi amuna awiri aakulu akukumbukira kucheza komaliza ndi makolo awo, ndi zizindikiro zomwe sanazione nthawi ikanalipo. Ife a kuno, amene ambiri mwa makolo athu agona ku manda a Warren Hills kapena a Granville kutali ndi kwawo, ndipo ena tinalandira uthenga wa maliro akumudzi pa foni mwambo utatha kale, nyimbo imeneyi imatilasa pamtima. Nditaimva koyamba ndinaimika galimoto pambali pa msewu wa Bulawayo mpaka inatha. Nyimbo zina za m'chimbalecho zimakamba za malonda a mankhwala ozunguza bongo m'chilankhulo chosasefa, choncho tengani imodzi yokhayi.

Tibwerere kuno kwathu, chifukwa ndikukhulupirira kuti zambiri zomwe zili m'mahedifoni a mnyamata wanu n'za muno mu Harare momwemuno. Mukukumbukira kuti lamulo la 2001 litakakamiza mawailesi kuti 75 peresenti ya zoulutsa ikhale ya m'dziko muno, kunabadwa chamba cha achinyamata cha urban grooves. Kenako Zimdancehall, dancehall ya muno mu Zimbabwe, inalanda makombi onse, mphamvu yake yambiri ikuchokera ku Mbare, ku maflatsi a Matapi komwe kuli Chillspot Records. Nthawi yonseyo hip-hop anthu ankaiona ngati ya masaladi, ana a ku Borrowdale olankhula Chingerezi cha m'mphuno. Chomwe chinasintha cha m'ma 2020 n'chakuti anyamata anayamba kuchita rap m'Chishona chenicheni cha mumsewu, n'kumakamba za lendi, za kusowa ntchito, za mayi wogulitsa tomato pa msika. Apo ndi pomwe hip-hop inalowa ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Dzivarasekwa.

Nyimbo yoyambira kumeneko ndi Ndaremerwa ya Holy Ten, ya mu 2020, chaka cha Covid-19. Dzina lake lokha mwalimva kale m'zinenero zonse ziwiri, Chishona ndi Chichewa: ndalemedwa. Ndi mnyamata akudandaula za katundu amene achinyamata a m'dziko muno asenza, ndipo akulankhula modekha moti mawu aliwonse mumawatola. Mukatero muike Ibotso, yomwe Winky D anaimba ndi Holy Ten yemweyo mu chimbale cha Eureka Eureka chomwe chinakhazikitsidwa ku holo yaikulu ya HICC, muno mu Harare, usiku wolowera chaka cha 2023. Imakamba za amphamvu olanda za osauka, ndipo inautsa mapiri pachigwa. Inu amene munakula ndi Lucius Banda, yemwe anatisiya mu Juni 2024, mtundu uwu wa nyimbo mukuudziwa bwino: woimba kuimirira m'malo mwa amphawi n'kunena zomwe ena akunong'ona. Chida chasintha, ntchito ndi yomweyo.

Kupitirira apo ndikupemphani kuti mumusiyire mwanayo chiwongolero cha wailesi. Pali Voltz JT ndi chamba chake chomwe amachitcha jecha trap, pali Saintfloew ndi nyimbo yake ya Silas Mavende, pali Fire Emoji ya Leo Magozz, Bling4 ndi Brian Jeck yomwe inavuta mu 2022. Iye amazidziwa kuposa ine ndi inu, ndipo Chishona chake n'cha ana a masiku ano, chosintha mwezi ndi mwezi. Mupatseni chigawo cha msewu, tinene kuchokera pa Murewa kukafika pa Mutoko, aike zake, inu muzingofunsa kuti apa akutanthauza chiyani. Nyimbo zambiri za anyamatawa zimatchula mutoriro ndi bronco, mankhwala ozunguza bongo omwe akutha ana m'makomboni athu. Zina zimachenjeza, zina zimangotchula ngati chinthu wamba. Mukamva mawu amenewo musathamangire kuzimitsa wailesi. Mufunseni zomwe amaona kusukulu ndi kumashopu. Bambo akafunsa nkhani yotere pabalaza mwana amaona ngati bwalo la milandu, koma m'galimoto nonse maso ali pamsewu, pakamwa pamamasuka.

Tsopano za kumudzi, komwe mtima wanga uli. Ana athu obadwira kuno amalankhula Chishona ndi Chingerezi, Chichewa amangomva agogo akamakalipa kapena pa maliro. Mwana wanu akukalowa m'mudzi momwe aliyense adzamulonjera m'Chichewa, ndipo palibe mphunzitsi wachangu kuposa kolasi yomwe yakakamira m'mutu. Ubwino wake, nyimbo za ku Malawi za zaka zisanu zapitazi zakwera kwambiri pa kajambulidwe, moti mutha kuziika pambali pa za ku Lagos kapena Johannesburg osachita manyazi.

Mwezi wina ndinkaliza nyimbo pa ukwati ku Highfield, m'holo ya tchalitchi. Chakudya chitatha anthu anali atatopa, ana akuthamangathamanga pakati pa mipando. Ndinaika Linny Hoo, ija Giddes Chalamanda anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020. Agogo ena aakazi omwe anakhala chete tsiku lonse pakona, ndodo ili pamiyendo, anadzuka, n'kumanga bwino chitenje, n'kuyamba kuponda pang'onopang'ono akuimba mawu onse. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti zidzukulu zawo za ku sekondale nazonso zinkaidziwa, chifukwa inawapeza pa TikTok, komwe inafalikira dziko lonse lapansi. Agogo anaidziwira kwina, ana kwina, koma anavina bwalo limodzi. A Giddes anabadwa mu 1930, ndipo kwawo ndi ku Chiradzulu, kwanu komweko. Imeneyo isasowe pa fulashi.

Ya Namadingo mwiniwake tengani Mapulani, ya mu 2020, kuti mumve liwu loyera ndi Chichewa chosavuta kutola. Onesimus ali ndi Controller ya mu 2024, nyimbo yachikondi yopepuka yomwe ndikaiika pa ukwati palibe amakhala pansi. Driemo, wa chimbale cha Mzaliwa, ali ndi liwu lachisoni lokoma lomwe amayi amalikonda kwambiri, muyambe ndi Popo. Koma amene ndikuganiza kuti amugwira mwana wanu ndi Eli Njuchi. Ndi wachinyamata, amayenda pakati pa dancehall, rap ndi pop, ndipo amasewera ndi Chichewa ngati munthu wosula miyambi yatsopano. Gugugu ndi poyambira pabwino. Mukafuna rap yeniyeni ya Chichewa, akuluakulu ake ndi Phyzix, Fredokiss, Gwamba amene anatembenukira ku nyimbo zauzimu, ndi Tay Grin, amene amadzitcha Nyau King ndipo amalowetsa ng'oma ndi zilombo za gule wamkulu m'nyimbo ndi m'makanema ake. Mwana wokulira ku Mufakose gule amamudziwa, anzake amati zvigure, mwina mpaka kumuseka nazo. Akaona woimba wa hip-hop akunyadira gule yemweyo pamaso pa dziko lonse, chinachake chimasintha mumtima mwake.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chokoma: Chichewa cha m'nyimbozi n'cha m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre ya lero, chosiyana ndi chomwe makolo athu anabwera nacho kuno m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Mumva akuti dolo, mfana, maluzi, zili bho. Pena nanunso mudzasowa tanthauzo, ndiye mudzakafunse limodzi kwa asuweni ake mukafika.

Pa mlatho wa Zambezi ku Tete, kotentha kuja, ndingaike Never Forget ya Sampa the Great. Ndi mayi wobadwira ku Zambia, anakulira ku Botswana, ndipo nyimboyi ili mu chimbale chake cha 2022, As Above, So Below. Anaimba ndi Chef 187, Tio Nason ndi mng'ono wake Mwanjé, polemekeza Zamrock, chamba cha magitala cha ku Zambia cha m'ma 1970. Ng'oma zake n'zathu zenizeni, ndipo mwana wanu mwina anaimva kale pa kanema wotsatsa filimu ya Black Panther: Wakanda Forever. Pa za ku Zambia muwonjezerepo Yo Maps, amene amasakaniza Chinyanja ndi Chibemba. Mawu ambiri muwamva osafuna womasulira.

Za pop yakunja sindichedwapo. Die With a Smile ya Lady Gaga ndi Bruno Mars, ya mu Ogasiti 2024, inapangidwa dala kuti imveke ngati nyimbo zachikondi za m'ma 1970, magitala ndi ng'oma zamanja, ndipo muikonda pa ulendo woyamba. Love Me JeJe ya Tems wa ku Nigeria inatenga kolasi ya nyimbo ya Seyi Sodimu ya mu 1997 n'kupata Grammy mu 2025. Ndi yoyera, yoti n'kuimba pamaso pa apongozi. Water ya Tyla wa ku Johannesburg ndiyo inali yoyamba kulandira Grammy ya gawo latsopano la nyimbo za mu Africa mu 2024, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha mmene amapiano alowera mu pop, koma mawu ake ndi a kuchipinda, muone nokha ngati ikuyenera ulendo uno. M'malo mwake mutha kuika Tender Love ya Sha Sha, mwana wa ku Mutare amene anapata mphoto ya BET mu 2020. Ndipo ngati muli m'gulu la aja anasefukira kukaona Don Williams atabwera ku Harare mu 1997, yesani A Bar Song ya Shaboozey, mnyamata wa ku Virginia wa makolo a ku Nigeria, amene anasakaniza country ndi hip-hop n'kukhala masabata 19 pa nambala wani mu 2024. Nkhani yake ndi ya munthu wotopa ndi ntchito amene akukathera ku bala, choncho mwina ikufunika ndemanga ya bambo ikatha.

Pa kakonzedwe ka fulashiyo. Pa Spotify, yomwe inafika ku Zimbabwe ndi ku Malawi mu 2021, ndi pa Apple Music, nyimbo yokhala ndi mawu otukwana imakhala ndi chilembo E pambali pa dzina lake. Nyimbo zambiri za rap zotchuka zili ndi mtundu wina wosefedwa womwe amaulemba kuti clean, ndi umene mawailesi amaulutsa. Sakani umenewo. Za ku Malawi ndi za kuno zambiri muzipeza pa YouTube, Audiomack ndi Boomplay. Mutsitsiretu zonse muli kunyumba, chifukwa mukangowoloka pa Nyamapanda bandulo yanu ya kuno siigwiranso ntchito, ndipo intaneti ya m'dziko la eni imadula. Ngati mukuika mafayilo a MP3, yang'anani kukula kwake: nyimbo ya mphindi zitatu yojambulidwa bwino pa 320 kbps imakhala pafupifupi 7 MB, ya pa 128 kbps pafupifupi 3 MB. Mukaona yochepera pamenepo, imeneyo yafinyidwa kwambiri, ndipo m'galimoto idzamveka yophwanyika, phokoso lija munadandaula lidzabweranso. Anyamata odzaza mafulashi m'tauni amathandiza pa changu, koma nthawi zambiri mafayilo awo ndi otere, komanso woimba sapezapo kanthu. Pomwe mungathe, mverani kudzera m'njira zomwe zimamufikitsira kangachepe, makamaka oimba athu a kuno ndi akumudzi omwe amalipira okha ku situdiyo.

Musadzaze nyimbo 500. Makumi anayi akwana, theka zanu theka zake, ndipo pakati pake muponyemo Macheso ndi Lucius osapepesa, chifukwa nayenso ayenera kumva besi ya Mundikumbuke pa sipika zenizeni, mwina kwa nthawi yoyamba. The Birds Don't Sing muisungire chigawo chachete cha pakati pa Tete ndi Zobue, dzuwa litapendeka. Linny Hoo muisunge mpaka mutadutsa Limbe, phiri la Chiradzulu likayamba kuoneka kutsogolo, ndipo pamenepo mutsitse mawindo.